Fungo la kabati yatsopano ndi mpweya wa m'nyumba

Mitengo ya mbawa ndi mlombwa itayamba kusowa, makamaka pamene nkhalango ya Liwonde yakhala ikutha ndi nkhwangwa za ootcha makala, akalipentala ambiri a m'matauni a Balaka, Liwonde ndi Ntaja anatembenukira ku matabwa opangidwa m'fakitale. Matabwa amenewa alipo a mitundu ingapo: plywood ndi timatabwa topyapyala tomatidwa mosanjikiza, chipboard ndi tizibenthu ta mtengo tosakanizidwa ndi guluu kenako n'kupsinjidwa pa moto, pamene MDF ndi ufa wa mtengo wosalala kwambiri woumbidwa m'njira yomweyo. Ena amachokera ku Chikangawa m'boma la Mzimba, ena amabwera kuchokera kunja.

Vuto lili mu guluu. Wogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi urea-formaldehyde, amene amapitiriza kutulutsa pang'onopang'ono mpweya wosaoneka wotchedwa formaldehyde kwa miyezi kapena zaka, ndipo fungo lolasa mphuno limene ogula amalitenga ngati umboni wakuti kabati ndi yatsopano ndilo chizindikiro chake. Mpweyawu umayabwitsa maso ndi pakhosi, umatsokomoletsa, ndiponso umautsa mphumu kwa amene ali nayo kale. Mu 2004 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya kuseri kwa mphuno, ndipo mu 2010 WHO inalangiza kuti usapitirire mamiligalamu 0.1 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya wa m'nyumba.

Chodetsa nkhawa kwambiri m'madera amenewa ndi nyengo, chifukwa guluuyu amatulutsa mpweya wochuluka akatenthedwa ndiponso akakumana ndi chinyontho. Nyumba ya malata ku Ulongwe kapena m'mbali mwa Shire mu Okutobala ndi Novembala imatentha ngati ng'anjo, komanso mazenera amatsekedwa dzuwa likangolowa poopa udzudzu, kotero kuti mwana wogona pafupi ndi wadilopu yatsopano amapuma mpweya womwewo usiku wonse, makolo n'kumaganiza kuti chifuwa chake ndi cha fumbi.

Kuchepetsa vutoli sikufuna ndalama zambiri. Katundu watsopano ayambe wakhala pakhonde kapena m'chipinda chopita mphepo kwa masabata angapo, popeza mpweyawu umatuluka kwambiri pachiyambi. Kalipentala amate kapena apake vanishi m'mphepete monse modulidwa, kuphatikizapo kumbuyo ndi pansi kumene diso silifika, chifukwa ndi mmene mpweya umatulukira mosavuta. Wogula afunse matabwa olembedwa E1, chizindikiro cha ku Ulaya cha matabwa otulutsa mpweya wochepa, ndipo m'mazenera aikemo sefa ya waya kuti azikhala otsekula usiku. Zidutswa zotsala pa shedi zisamatoledwe kukakolezera mbaula, chifukwa guluu akapsa amawonjezera poizoni mu utsi umene wophika amaweramira.