Chinsinsi cha Bisiketi ya Chokoleti

Ana inu, kodi munalawapo koko wa ufa, uja wa m'kachitini, asanathiridwe shuga? Pemphani amayi akupatseni pang'ono kunsonga kwa supuni. Mukwinya nkhope, chifukwa ndi wowawa zedi. Komatu ufa wowawa womwewo ndi umene umapanga mabisiketi a chokoleti, aja fungo lake limaitana ana a nyumba yachitatu. Zimatheka bwanji?

Koko amachokera mumtengo. Zipatso za mtengowu sizilendewera kunsonga kwa nthambi ngati mango. Zimamera pathunthu ndi panthambi zazikulu. Mukaswa chipatso chimodzi mumapezamo nthanga 30 kapena 40, zokutidwa ndi zinthu zoyera zotsekemera. Nthangazo panthawiyi sizinunkhira chokoleti ngakhale pang'ono. Alimi amaziunjika n'kuzifunditsa masamba a nthochi kwa masiku 5 mpaka 7 kuti zisase, kenako amaziyanika padzuwa monga timachitira ndi mtedza. Zikauma zimakazingidwa, ndipo apa m'pamene fungo lija limatuluka.

Kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi ku South America. Kalekale anthu a mitundu ya Maya ndi Aztec, m'dera limene pano kuli dziko la Mexico, ankamwa koko wopanda shuga, nthawi zina atathiramo tsabola. A Aztec ankagula zinthu pamsika ndi nthanga za koko ngati ndalama. Ufa wa koko umene timaudziwawu unabwera mochedwa: mu 1828 banja la Van Houten ku Amsterdam linapeza njira yofinyira mafuta m'nthangazo ndi makina, zotsalazo n'kumazipera. Masiku ano pafupifupi theka la koko wa padziko lonse limalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, muno mu Africa. Anzathu a ku Karonga ali naye pafupi kwambiri, pakuti ukangowoloka mtsinje wa Songwe kulowa ku Kyela m'dziko la Tanzania, umapeza minda ya koko.

Tsopano sambani m'manja, tiyeni kukhitchini. Itanani munthu wamkulu akhale nanu, poti pali moto.

Ikani theka la kapu ya majarini wofewa m'beseni, muthiremo shuga wochepera pang'ono pa kapu imodzi, n'kuyamba kutakasa ndi mthiko. Takasani ndithu mpaka ziyere ndi kupepuka. Mkono uwawa, koma musasiye msanga. Timibulu ta shuga n'takuthwa, ndiye pamene mukutakasa timaboola majarini n'kusiyamo timipata tambirimbiri ta mpweya tosaoneka ndi maso. Timipata timeneti ndi timene timachititsa kuti bisiketi isalimbe ngati mwala. Ine ndimaona kuti mabisiketi ambiri amaonongekera pomwepa, kwa wophika wofulumira.

Swerani dzira limodzi. Ntchito yake ndi kumanga zonse pamodzi kuti bisiketi isayoyoke m'manja. Kenako sefani kapu imodzi ndi theka ya fulawa, masupuni aakulu 4 a koko, kamchere pang'ono ndi theka la kasupuni ka tiyi ka soda. Thiraninso masupuni aakulu 2 a chambiko, n'kusakaniza pang'onopang'ono mpaka ufa usaonekenso. Apa ndiye osatakasa kwambiri, chifukwa fulawa akavutitsidwa amanyutuka, bisiketi n'kulimba.

Soda ameneyu ndi yemwe uja agogo amathira mu therere. Mu bisiketi ali ndi ntchito ina, ndipo mungathe kuiona ndi maso anu. Ikani soda pang'ono m'kapu, mufinyiremo ndimu. Pomwepo thovu lichita kuti fwaa! Thovulo ndi mpweya wotchedwa carbon dioxide, womwe uja timatulutsa popuma, umenenso umatumphuka m'zakumwa za m'mabotolo. Soda amatulutsa mpweyawu akakumana ndi chinthu chowawasa, n'chifukwa chake tathira chambiko. Mpweyawo umalowa m'timipata tija munapanga ndi mthiko, ndipo moto ukautentha umakula n'kukankha bisiketi kuti ifufume. Mukadzanyema bisiketi yopsa, yang'anitsitsani mkati: tizibowo tonseto ndi malo amene munali mpweya. Koma soda asapitirire muyezo. Akachuluka, wotsalayo amasowa chowawasa chokumana nacho, ndipo bisiketi imamveka ngati sopo m'kamwa.

Umbani timipira tating'ono ngati nthudza zikuluzikulu, mutiike pathileyi yopaka majarini, motalikirana zala ziwiri kapena zitatu. Mpatawo ndi wofunika chifukwa majarini akasungunuka timipirato timaphwatalala, ndipo toyandikana timamatirirana. Tituluka pafupifupi 20. Musalawe zosaphikazi, muli dzira laliwisi lomwe lingakutseguleni m'mimba.

Mu uvuni wa magetsi, mabisiketi amapsa pa madigiri 180 kwa mphindi 10. Ngati kwanu kulibe uvuni, kapena magetsi azima, mbaula ilipo. Amayi ambiri amaphika chigumu popanda uvuni, ndipo njira yake ndi yomweyi. Thirani mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, munthu wamkulu uja autenthetse kaye, kenako akhazike mbale yachitsulo ya mabisiketi pamchengapo n'kuvundikira. Pansi pakhale makala ochepa, pachivundikiro pakhale ambiri. Mchenga umagwira kutentha n'kumakupereka pang'onopang'ono, motero kunsi kwa bisiketi sikupserera kumwamba kusanapse. Kupalira makala ndi kuphula ndi ntchito ya wamkulu uja, inu yanu ndi kuwerenga mphindi.

Bisiketi ya chokoleti ndi yakuda kale, ndiye simungadziwe kuti yapsa poyang'ana mtundu. Onani m'mbali mwake: mukauma koma pakati pakadali pofewa, yapsa. Musadandaule ndi kufewako. Ikamazizira, shuga ndi majarini zimene zinasungunuka zija zimagwirananso, bisiketi n'kulimba yokha.

Chatsala ndi ayisingi, zonona zopaka pamwamba. Amafuna shuga wosalala ngati ufa woyera, amene amagulitsidwa m'masitolo. Ngati palibe, sinjani shuga wamba mumtondo woyera ndi wouma bwino, n'kumusefa kangapo. Shuga wosasinja sasungunuka m'majarini, ndipo amalumika ngati mchenga. Sakanizani kapu imodzi ya shuga wosalalayo ndi masupuni 2 a koko, masupuni 2 a majarini ndi supuni imodzi ya mkaka. Zikalimba onjezerani mkaka kadontho kadontho.

Apa pafunika kudekha. Dikirani mabisiketi azizire kotheratu. Majarini amasungunuka ngakhale ndi kutentha kwa chikhatho chanu, ndiye mukapaka pabisiketi yofunda, ayisingi yense atsetserekera m'mbale. Akazizira, pakani ndi kumbuyo kwa supuni, muwazepo mtedza wokazinga wosinja ngati ulipo. Oyamba apite kwa amene anakuthandizani pamoto.

Pali mmodzi yekha pakhomo amene simuyenera kumugawira, ngakhale akuyang'aneni mwachisoni chotani: galu. Mu koko muli mankhwala achilengedwe otchedwa theobromine. Thupi la munthu limawachotsa mosavuta, koma la galu limachedwa nawo kwambiri, moti akadya chokoleti wambiri amasanza, amanjenjemera, mwinanso kufa kumene. Mphaka nayenso chimodzimodzi. Mabisiketi otsala muwasunge m'chitini chotseka bwino pamalo okwera, ndipo galuyo mumupatse mkute wa nsima.