Kubwereza Mayeso a GMAT: Gawo la Chingerezi



Nkhani yathu ya lero yachokera m'kalata imene talandira kuchokera ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe. Eni kalatayo ndi mayi ena ogwira ntchito yoŵerengera ndalama, amene akufuna kukaphunzira kunja digiri ya MBA, ndiye kuti digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi. Analemba mayeso a GMAT ndipo masamu anakhoza bwino ndithu, koma gawo la Chingerezi linaŵagwetsa. Tsono akufunsa kuti: "Kodi ndikabwereza ndichite chiyani kuti ulendo uno zisiyane?"

Kwa amene simunamvepo, mayeso ameneŵa anayamba ku America m'chaka cha 1954, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la GMAC. Sukulu zambiri za bizinesi, monga London Business School ndi Graduate School of Business ya pa University of Cape Town, zimayang'ana zotsatira zake posankha ophunzira. Kuyambira mu February 1954 mpaka lero mayesoŵa asinthidwa kangapo, ndipo kusintha kwakukulu kwa posachedwapa kunakhazikika m'chaka cha 2024. Tsopano ali ndi magawo atatu, lililonse la mphindi 45. Gawo la Chingerezi, lotchedwa Verbal Reasoning, lili ndi mafunso 23, ndipo malikisi ake amayambira pa 60 kulekeza pa 90.

Choyamba, mayi, yang'anani chaka chimene buku lanu lokonzekera linasindikizidwa. Mabuku ambiri amene timabwerekana kuno ndi akale, ndipo amataya masamba ochuluka pa mafunso okonza ziganizo zolakwika galamala. Mafunso otere anachotsedwa. Atsala ndi a mitundu iŵiri yokha: kumvetsa nkhani imene mwaŵerenga, ndi kuyesa ngati mfundo ya wolemba yaima pa maziko olimba.

Apa ndipo pagona nkhani. Munthu akalephera gawo limeneli amaganiza kuti vuto lake ndi kuchepa kwa mau a Chingerezi, motero amagula dikishonale ndi kuyamba kuloŵeza. Ine ndinaphunzira zauphunzitsi ndisanabwere ku wailesi, ndipo ndikudziŵa kumene chizoloŵezichi chimachokera: ambirife tinakula tikufunsidwa kubweza zimene zalembedwa, osati kuzitsutsa. Mayeso aŵa amafuna munthu woŵerenga ngati woweruza mlandu pabwalo, amene amamva mboni bwinobwino kenaka nkufunsa chimene mboniyo sinanene.

Tiyeni tiyese m'Chicheŵa chathu chomwe. Tiyerekeze kuti mwini golosale wina ku Area 23 akuti: "Mwezi watha ndinatsitsa mtengo wa shuga, ndipo makasitomala anachuluka. Choncho kutsitsa mtengo ndiko kwandibweretsera anthu." Funso ndi lakuti, mwa mfundo zisanu zimene mwapatsidwa, ndi iti imene ikufooketsa maganizo ake? Ina ingati shuga wakeyo ndi wa ku Nchalo. Ina ingati mitengo ya zinthu yakwera m'dziko lonse. Zonsezi zingakhale zoona, koma sizikhudza mlanduwo. Yankho ndi limene likuti mwezi womwewo siteji ya minibasi inasamukira pafupi ndi golosaleyo. Mwiniyo anangoganiza mumtima, osatchula, kuti palibenso china chinasintha. Ganizo lobisika limenelo ndilo mzati wa mfundo yake yonse, ndipo mafunso ambiri a mtundu uwu amazungulira pomwepo: kuligwetsa, kulichirikiza, kapena kungolitchula.

Mwaona kuti panalibe liu lovuta ngakhale limodzi? Munthu angadziŵe tanthauzo la mau onse m'ndimeyo ndi kulakwabe. Nchifukwa chake musanayang'ane mayankho, yambani mwapatula zinthu ziŵiri: chimene wolemba akufuna kuti mukhulupirire, ndi umboni umene wapereka. Kenaka nenani m'mau anuanu chimene chikusoŵa pakati pa ziŵirizo.

Pa nkhani zazitali zoŵerenga, musayese kusunga zonse m'mutu, pakuti nkhaniyo imakhalabe pa kompyuta pamene mukuyankha. Mukamaliza ndime iliyonse dzifunseni ntchito yake: kodi ikupereka ganizo, ikulitsutsa, kapena ikupereka chitsanzo? Timau ting'onoting'ono monga however, although ndi therefore ndito timasonyeza pamene wolemba wakhotera. Ndipo yankhani zimene nkhaniyo yanena, ngakhale inu mukudziŵa zoposa. Anthu ozoloŵera ntchito, monga mayi athuŵa, amakodwa kaŵirikaŵiri pamenepa chifukwa amasankha yankho limene ndi loona ku ofesi kwawo koma m'nkhanimo mulibe.

Wobwereza ali ndi mwayi umene analibe poyamba. Zotsatira zimene GMAC imatumiza zimasonyeza mtundu wa mafunso umene munafooka nawo ndiponso m'mene munagwiritsira nthaŵi. Ziŵerengeni ngakhale zikuŵaŵa. Gulaninso kope lamizere, ndipo funso lililonse limene mwalakwa pokonzekera mulembe chimene chinakukopani pa yankho lolakwikalo, ndi chimene munaphonya pa lolondola. Mafunso khumi ofufuzidwa motere amaphunzitsa koposa zana longothamangira. Pakatha masabata aŵiri kapena atatu mudzaona kuti zolakwa zanu si zambirimbiri ai, ndi ziŵiri kapena zitatu zomwezo zongosintha malaya.

Za nthaŵi ndinene mwachidule. Mafunso 23 pa mphindi 45 ndiye kuti funso limodzi silikwana mphindi ziŵiri. Kompyuta imasankha funso lotsatira molingana ndi m'mene mukuyankhira, choncho mafunso akayamba kulimba musataye mtima. Kaŵirikaŵiri ndi chizindikiro chakuti mukukhoza. Funso likakukanikani, sankhani yankho, liikeni chizindikiro ndi kupitirira. Nthaŵi ikatsala mumaloledwa kusintha mayankho atatu pa gawo lililonse, koma kusiya mafunso osayankha kumadula malikisi.

Lamulo limalola kubwereza pakatha masiku 16, ndiponso kulemba mayesoŵa mpaka kasanu pa miyezi 12. Ine sindingalangize munthu kuthamangira masiku 16 amenewo. Malipiro ake ndi madola a ku America oposa 200, ndipo kaŵerengedwe ka munthu sikasintha pa masabata aŵiri. Dzipatseni miyezi iŵiri kapena itatu, ola limodzi tsiku lililonse m'mamaŵa ana asanadzuke ndi mawailesi a anansi asanayambe kulira. Loŵeruka mungapite ku laibulale ya National Library Service ku City Centre kukaŵerenga nkhani zolimba za sayansi, mbiri ndi chuma, pakuti ndiyo mitu imene imabwera. Pa intaneti, pa tsamba la mba.com, GMAC imapereka kwaulere mayeso aŵiri oyeserera. Lembani oyamba sabata ino kuti mudziŵe pamene mwaima. Achiŵiriwo musunge mpaka kope lanu litadzaza, ndipo malikisi ake akakwera, pamenepo ndiye mulipire tsiku la mayeso.