Yesani Foni Musanapereke Ndalama

Mwagulitsa usipa wanu ku Msaka, ndalama zili m'thumba. Tsopano mukufuna foni. Pa msika wa ku Mangochi mnyamata wakuonetsani foni yokongola. Akuti yachokera ku Joni ndipo ilibe vuto. Kodi mudziwa bwanji ngati akunena zoona?

Musafulumire, abale. Foni imatha kudzinenera yokha. Muli manambala obisika amene mumadina pamalo poimbira paja. Salira mayunitsi ayi.

Yambani mwadziwa zizindikiro ziwiri. Ichi * ndi nyenyezi. Ichi # anthu amati hashi.

Tsopano dinani chonchi: *#06#

Musaimbe. Pagalasi patuluka pokha nambala yaitali ya manambala 15. Dzina lake ndi IMEI. Foni iliyonse ili ndi yakeyake. Foni yolowa masimukhadi awiri, monga itel kapena Tecno, imaonetsa ziwiri. Musadabwe nazo.

Nambala yomweyo imalembedwanso pa katoni ya foni. Pa mafoni otsekuka kumbuyo imakhala pansi pa batire. Werengani pang'onopang'ono, mukuloza ndi chala. Wogulitsa akatopa, atope, ndalama ndi zanu. Manambala akasiyana, isiyeni foniyo. Mwina katoni si yake, mwinanso ndi yakuba.

Akafanana, lembani nambalayo m'kope lanu lija la ngongole za nsomba. Foni ikadzabedwa, mudzapite nayo ku polisi. Wakuba angataye simukhadi yanu m'nyanja n'kuikamo yake, koma IMEI sisintha chifukwa cha zimenezo.

Ngati foniyo ndi Samsung, yesaninso iyi: *#0*#

Pa ma Samsung ambiri patuluka timabokosi ta mawu a Chizungu. Dinani RED, galasi lonse lifiira. Yang'anani bwino ngati pali kadontho kakuda. Dinani SPEAKER, mumve ngati mawu akutuluka bwino. Dinani TOUCH, muyendetse chala paliponse. Pamene chala chadutsa koma osalemba, pamenepo ndi pakufa. Mafoni onyowa amakonda kutero, ndipo kuno kunyanja mafoni ogwera m'madzi ndi ambiri. Mafoni ena salola nambala imeneyi. Limenelo si vuto.

Koma chenjerani. Manambala ena obisika ndi oipa. Ena amafufuta zonse za m'foni, zithunzi ndi manambala a abale omwe. Ena amatumiza mafoni anu kwa munthu wina. Mkazi wanu akuimba kuchokera ku Namwera, koma ikulira ndi foni ya mlendo.

Tsono munthu wosamudziwa akakuimbirani n'kumati, "Bambo, ndine wa ku kampani, dinani manambala awa," kanani. Nambala yanu yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musamuuzenso.

Nanga ngati munadina kale, ndipo anzanu akudandaula kuti sakukupezani? Dinani ##002# kenaka muimbe. Imeneyi imathetsa kutumiza kuja, mafoni n'kuyambanso kufika kwa inu.