Maso a kadzidzi si ofiira, imanama ndi kamera

Mwezi wa June ukangolowa kuno ku Lichinga, aliyense amadziwa kuti nthawi ya majuzi ndi mabulangete awiri yakwana. Mzinda uno uli pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mphepo ya usiku imachita kulowa m'mafupa. Iyi ndi nyengonso imene chimanga chimakhala chalowa m'nkhokwe, makoswe achoka kumunda kutsatira chimangacho, ndipo pambuyo pa makoswewo pakubwera mlenje wawo, kadzidzi.

Kale kadzidzi akatera pa denga anthu ankathamangira mwala kapena chikuni cha moto. Masiku ano achinyamata amayamba atulutsa foni ya m'manja ndi kumujambula. Pofika m'mawa chithunzi chija chimakhala chitayenda pa WhatsApp, kuchoka ku Mandimba kuwolokera ku Chiponde, kuchoka ku Metangula mpaka ku Likoma. Pachithunzipo pamakhala mbalame ya maso ofiira ngati makala a moto, ndipo pansi pake wina amalembapo kuti mfiti yagwa pa ulendo.

Komatu akadzidzi amene timawaona m'midzi mwathu muno alibe maso otero. Kadzidzi wa nkhope yoyera uja, amene amakonda kugona m'madenga a matchalitchi ndi masukulu, maso ake ndi akuda. Wamawangamawanga amene amakhala m'miyala ndi m'mitengo, maso ake ndi achikasu. Wamkulu kuposa onse ali ndi maso akuda ndi zikope zofiirira pang'ono. Kufiira kumene kumaoneka pa chithunzi kumachokera ku fulashi ya kamera. Mumdima diso limatseguka kwambiri, tsono kuwala kwa fulashi kumalowa mpaka mkati mmene muli timitsempha ta magazi, nkubwerera ku kamera kuli kofiira. Amene muli ndi zithunzi zakale za pa ukwati zojambulidwa usiku, kaziyang'aneni bwino. Mupeza kuti mkwatibwi ndi ankhoswe omwe ali ndi maso a mtundu womwewo, koma palibe anawatchula afiti.

Ndipo zimene ena amati nyanga pamutu pa kadzidzi ndi nthenga chabe. Si nyanga, si makutunso. Makutu ake enieni ali m'mbali mwa mutu, obisika ndi nthenga.

Nkhaniyi si yoseketsa ayi, chifukwa chithunzi chikafika m'mudzi anthu safunsa za mbalame, amafunsa kuti waituma ndani. Kawirikawiri chala chimaloza agogo amene akukhala okha kumapeto kwa mudzi. Abale athu a ku Malawi sanaiwale zimene zinachitika ku Neno mu January 2016, pamene nkhalamba zinayi zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi poziganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Kumeneko sikunali kadzidzi, koma moto wa mphekesera ndi womwewo. Lamulo la ku Malawi la m'chaka cha 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Choncho mnyamata wa foni ayenera kudziwa kuti chimene wagwira m'manja chikhoza kuzimitsa moto kapena kuukoleza.

Nanga wofuna chithunzi chenicheni cha kadzidzi atani? Nyengo yozizira ino ndi yabwino pa ntchitoyi, popeza mvula kulibe, thambo ndi loyera ndipo udzu wayamba kugwa. Chinsinsi chachikulu ndi kumufuna masana m'malo mwa usiku. Yang'anani pansi pa mitengo ikuluikulu, ya mango, ya bulugamu kapena ya paini imene yazinga mzinda uno. Mukaona zitosi zoyera ngati laimu pamodzi ndi timibulu totuwa ta ubweya, kwezani maso. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, kenaka ubweya ndi mafupa amazisanza zitaumbika ngati kambulu. Mukakaphwanya ndi kamtengo mupezamo tizigaza ndi timano ta makoswe, ndipo ine ndimati chimenechi nchoyenera kujambula poyamba ndi kuonetsa amfumu. Kadzidzi wa nkhope yoyera mmodzi amatha kudya makoswe atatu kapena anayi pa usiku umodzi. Werengani nokha kuti pa mwezi ndi angati, ndipo makoswe amenewo akanadya chimanga chochuluka bwanji m'nkhokwe.

Mbalame zing'onozing'ono zimathandizanso. Mukamva apumbwa ndi anthengu akuchita phokoso pa mtengo umodzi osalekeza, pali njoka kapena kadzidzi. Pitani mosamala, poti zonse ziwiri nzotheka.

Mukamupeza musathamange ndipo musamuyandikire kwambiri. Akayamba kudziwongola nkuoneka wowonda, kapena kutsegula maso kwambiri nkumakuyang'anitsitsani, ndiye kuti mwapyola malire, bwererani m'mbuyo. M'nyengo yozizira mbalame imene yaulutsidwa masana imataya mphamvu zimene imafuna posaka usiku, komanso akhwangwala amaithamangitsa. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litangotuluka, kapena madzulo lisanalowe cha m'ma 5 koloko. Dzuwa likhale kumsana kwanu. Tsamiritsani foni pa mtengo kapena pa chitsa kuti isagwedere, pakuti manja ozizidwa amanjenjemera, ndipo jambulani kambirimbiri mudzasankhe kunyumba. Foniyo muziisunga m'thumba la mkati, chifukwa chisanu chimamaliza batire msanga.

Dikirani kuti akuyang'aneni. Maso a kadzidzi sayenda uku ndi uku ngati athu, choncho amatembenuza mutu wonse. Khosi lake lili ndi mafupa 14 pamene la munthu lili ndi 7, nchifukwa chake amatha kuyang'ana kumbuyo thupi lili chilili. Palibe mankhwala pamenepa.

Ngati mwakumana naye usiku, zimitsani fulashi. Mnzanu aime chapatali pang'ono kumbali, awalitse tochi pa nthambi osati m'maso mwa mbalameyo, kwa kanthawi kochepa chabe. Kuwala kukachokera kumbali maso safiira. Koma pa chisa pokha musayandikepo. M'chaka cha 1937 katswiri wina wojambula mbalame wa ku England, a Eric Hosking, anakwera pa nsanja imene anamanga pafupi ndi chisa cha kadzidzi ku Wales. Kadzidzi anawakhadzula kumaso ndi zikhadabo ndipo diso lawo lamanzere linachotsedwa kuchipatala. Iwo sanaleke ntchitoyo, anajambula mbalame moyo wawo wonse. Kadzidzi uja anachita zimene nkhuku ya anapiye imachita, kungoti zikhadabo zake ndi zakuthwa.

Tibwere tsono ku nkhani yokonza chithunzi. Kale wojambula wa pa njinga ankapita ndi filimu ku tauni kukatsukitsa, ife nkudikira masabata awiri, ndipo chimene chatuluka chinali chomwecho. Lero foni iliyonse ili ndi pokonzera, ndipo pali mapulogalamu monga Snapseed ndi Lightroom. Kukonza pakokha si kulakwa. Mukhoza kudula m'mbali kuti mbalame ioneke pafupi, koma siyani nthambi kapena denga pang'ono kuti woona adziwe kukula kwake ndi pamene inali. Mukhoza kuwalitsa chithunzi chimene chada, koma pang'onopang'ono, chifukwa mukapyoletsa chimadzaza timadontho ngati mchenga ndipo mawanga a nthenga amafufutika. Mawanga amenewo ndi amene odziwa mbalame amazindikirira mtundu wake.

Malire ake ndi awa: chotsani zimene kamera yanama, koma musawonjeze zimene panalibe. Kubwezeretsa diso lofiira ku mtundu wake weniweni ndi kukonza. Kuwonjezera kufiirako, kudetsa thambo kuti liopse, kapena kudula kadzidzi wa pa mtengo wa kudambo nkumuika pa denga la munthu, limenelo ndi bodza ngati bodza lina lililonse, ndipo pabwalo la amfumu liyenera kuweruzidwa chimodzimodzi. Masiku ano kuli makompyuta amene amapanga chithunzi cha chinthu chimene sichinachitike nkomwe. Choncho sungani chithunzi choyamba chosakonza, ndipo wina akakutumizirani chodabwitsa mufunseni kuti anajambula ndani, kuti, ndipo liti. Kawirikawiri yankho limakhala loti nayenso anangolandira.

Ngakhale akatswiri amagwidwa. Ku London kuli mpikisano waukulu wa zithunzi za nyama zakutchire umene amayendetsa a Natural History Museum. Wopambana wa m'chaka cha 2009 anamulanda mphotho oweruza atapeza kuti mmbulu umene anajambula ukudumpha chipata unali woweta. Mu 2018 analandanso mphotho ya wojambula wina wa ku Brazil, akatswiri ataona kuti nyama yodya chiswe imene inali pa chithunzi chake inali yakufa kale, yongoumitsa.

Chithunzi choona chili ndi ntchito yaikulu kuno ku Niassa, kumene mbalame zambiri sizinalembedwe mokwanira. Kumpoto kwa Lichinga kuli mapiri a Njesi. M'chaka cha 1945 a Jali Makawa, amene ankasaka mbalame pothandiza a C.W. Benson a boma la Nyasaland, anakwera kumeneko ndi kupeza kambalame kakang'ono ka mlomo wautali kamene mbale wake amapezeka ku mapiri a Usambara ku Tanzania kokha. Nthawi imeneyo umboni unali chikopa, mbalame inkayenera kufa kuti anthu akhulupirire. Panapita zaka 56 akatswiri asanakaonenso, mpaka a Peter Ryan ndi a Claire Spottiswoode anakafika ku Njesi mu 2001. Gulu lina linapitako mu 2016. Lero mwana wa sukulu wa ku Sanga kapena ku Ngauma akhoza kupereka umboni wotero ndi foni, mbalame nkutsala ili moyo, potumiza chithunzi ku eBird kapena iNaturalist pa intaneti, kumene odziwa amathandiza kutchula dzina lake.

Kwina kadzidzi amachita kumuitana. Ku Alexandra mu Johannesburg, kumene abale athu ambiri amapita kukagwira ntchito, masukulu ena anawaikira mabokosi oti akadzidzi aziswanamo pofuna kuchepetsa makoswe. Ku Liwonde, tsidya linalo la malire ku Malawi, alendo ochokera kunja amalipira ndalama kuti akaone ndi kujambula kadzidzi wamkulu wofiirira amene amagwira nsomba mu mtsinje wa Shire.

Potumiza chithunzi chanu lembani tsiku ndi dera, monga Chimbunila kapena Mecanhelas. Koma musatchule mtengo weniweniwo kapena nyumba imene kadzidziyo amagona, chifukwa m'gulu la pa WhatsApp mumakhala anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo ali ndi malegeni.