Sefuliya ya amayi inakana sitovu yanga

Mu January, kuzizira kutafika penipeni kuno ku Oshawa, amayi anabwera kudzaona nyumba yomwe ndinali nditangolowa. Ananyamula ufa, mthiko ndi sefuliya yawo ya aluminiyamu, ija anachoka nayo ku Limbe ine ndisanabadwe. Atateleka madzi, sitovu inangolira ti-ti-ti, madziwo osafunda n'komwe.

"Iwe, anakugulitsa sitovu yakufa."

Sinafe ayi. Ndi ya induction, imatenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito, ndiye imafuna chitsulo chomwe maginito angakakamire. Ndinachotsa kamaginito ka pafiriji n'kukagunditsa kunsi kwa sefuliya ija. Kanagwa pansi.

Basi tinaphikira m'poto wanga wopyapyala wa stainless steel. Phala lisanakhwime bwino, fungo la kupserera linali litadzaza kale nyumba. Amayi sanalankhule, anangondiyang'ana. Mukudziwa kayang'anidwe kaja, eti?

Usiku umenewo ndinakhala pa laputopu kufufuza, ndipo ndinachita manyazi chifukwa yankho ndimaligwira m'manja tsiku ndi tsiku. M'kati mwa laputopu muli timapaipi ta mkuwa tochotsa kutentha pa processor. Pa muyeso wa momwe chinthu chimayendetsera kutentha, mkuwa umafika cha m'ma 400, aluminiyamu cha m'ma 237, pomwe stainless steel amathera pakati pa 15 ndi 25 basi. Chromium amene amasakaniza m'chitsulocho amachiteteza ku dzimbiri, koma kutentha sikuyenda msanga m'menemo. Kumaunjikana pamene moto wagunda. Madzi alibe nazo ntchito chifukwa amazungulira okha m'poto. Nsima ndi yolimba, siyendayenda, ndiye pansi pakatentha malo amodzi imapserera pomwepo. Sefuliya ya amayi imamwaza kutentha mpaka m'mbali, n'chifukwa chake nkhoko zake zimachoka zofiirira bwino, osati zakuda. Mthiko nawo ndi wa mtengo pa chifukwa chomwecho: mtengo sufika ngakhale pa 1, sungakuotche dzanja.

Loweruka lotsatira ndinagula poto wokhala ndi aluminiyamu pakati, chitsulo kunja ndi m'kati. Ndi wolemera, ndipo mtengo wake sindinawauze. Amayi anaugogoda kunsi ndi chala, anavundula nsima, kenako n'kupala nkhoko n'kulawa.

"Aa, bola uyu."

Sefuliya yawo anaikulunga m'chitenje n'kubwerera nayo. Akuti kwawo sitovu siisankha poto.