Kumana wodwala khansa shuga si mankhwala

Mayi wina amene akulandira kemo chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero atakwera pa sikelo mwezi watha, tonse tinadabwa ndi mmene anatsikira. Mng'ono wawo, yemwe ndi gadiyani, sanabise. Kunyumba anawaletsa tiyi wa shuga, nthochi, mkaka, nyama ndi mafuta ophikira. Ankangodya masamba owiritsa n'kumamwera madzi a mandimu. Uthenga wa pa WhatsApp unawauza kuti shuga ndiye chakudya cha khansa, ndipo ukaimana imafa ndi njala.

Pa ntchito yanga yolangiza odwala za kadyedwe, palibe bodza landitopetsa ngati limeneli. Limandipweteka kwambiri chifukwa achibale amalitsatira mwachikondi.

Pali pomwe linayambira. M'zaka za m'ma 1920, wasayansi wa ku Germany, Otto Warburg, anaona kuti maselo a khansa amamwa gulukozi wambiri kuposa maselo ena. Zimenezo n'zoona. Koma gulukozi sachokera m'paketi ya shuga mokha. Nsima, mbatata, mpunga ndi chinangwa zikagayika m'mimba zimasanduka gulukozi, ndipo ubongo umadalira yemweyo. Munthu akasiya kudya, chiwindi chimayamba kupanga gulukozi pogwiritsa ntchito minofu ya mwini wakeyo. Chotupa chimapezabe gawo lake. Amene akutha ndi wodwala.

Chimene timaopa ife ndi cachexia, kutanthauza kuonda kodza ndi khansa komwe kumadya minofu mpaka munthu kulephera kudzuka yekha pamphasa. Wodwala akafooka chonchi, nthawi zina dokotala amakakamizika kuchepetsa mankhwala kapena kusuntha tsiku la kemo. Ndiye taganizani, banja lagulitsa mbuzi kuti lipeze thiransipoti ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, wodwala n'kubwerera osalandira dripi chifukwa thupi silingapirire.

Kadyedwe kamasinthadi pa nthawi ya chithandizo, koma pa zifukwa zina. Kemo imabweretsa nseru ndi zilonda m'kamwa. Ena amati nyama ikumveka ngati chitsulo, ena fungo la ndiwo zili pamoto limawasanzitsa. Apa kukakamiza mbale yodzaza sikuthandiza. Ndi bwino kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala la Likuni kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira lophika bwino, peyala, mkaka wowiritsa, usipa wosinja. Chakudya chikazizirako fungo limachepa. M'kamwa mukakhala zilonda, tsabola ndi mandimu aja zimangowonjezera ululu.

Popeza kemo imatsitsa chitetezo cha m'thupi, madzi akumwa awiritsidwe, zipatso zitsukidwe, ndipo ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka kuwira.

Malangizowa sakwanira aliyense. Amene ali ndi matenda a shuga ali ndi malamulo akeake, ndipo wa khansa ya kummero amene akuvutika kumeza ayenera kuonedwa payekha. Za zitsamba zimene anansi amabwera nazo m'mabotolo, musamwe mobisa. Uzani dokotala kapena namwino kaye, chifukwa zina zimasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala.