KUSAMALA MALO M'CIPINDA CACING'ONO

Nyumba zambiri za m'midzi ziri ndi zipinda zazing'ono. Kawiri kawiri ana awiri kapena atatu agona m'cipinda cimodzi, ndipo anyamata osinkhuka amadzimangira gowelo lao losakula konse. Koma cimene cipanikiza anthu m'cipinda si makoma ai, ndiye katundu woikidwa pansi. Tsono mwana wofuna malo asunge lamulo ili: pansi mpoponda ndi pogona, zina zonse zikwere m'mwamba.

Ciwerengero cionetsa bwino cifukwa cace. Cipinda ca mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi cilowa mphasa zitatu zokha, ngati mphasa iri yonse iri ya mamita 2 m'litali ndi mita 1 m'lifupi. Ana awiri akayala mphasa zao, patsala malo a mphasa imodzi. Pomwepo citseko citsegukira, pomwepo anawo apita. Pakagwa thumba, nsapato ndi mulu wa zobvala, malo atha.

Nchito yoyamba iri ya m'mawa. Mwana akadzuka aturutse mphasa ndi zopfunda, azikutumule, naziyanike padzuwa; zikauma akulunge mphasa, naiimike pangondya. Pamenepo malo ogona asanduka malo okhala ndi olembera za kusukulu, ndipo tsace lifika ponse. Nzeru imeneyi si ya kuno kokha. Ku Japan, dziko la zisumbu la kum'mawa, anthu amayesa ukulu wa cipinda powerenga mphasa zolowamo, ndipo iwo ogona pansi amapinda zogonera zao m'mawa ndi kuzibisa m'kabati, kuti cipinda cimodzi cigwire nchito ziwiri.

Nchito yaciwiri iri ya makoma ndi denga. Zikhomo zamtengo zokhomedwa m'khoma zinyamula cikwama ca mabuku ndi malaya a kusukulu. Nsungwi imodzi yopingasa pangondya ikwana kupacikapo zopfunda. Kathandala ka nsungwi komangidwa m'mwamba kasunga mabuku kutali ndi ciswe ndi cinyontho. Dengu lolendewera kudenga lisunga tinthu tating'ono, monga singano, cipeso ndi sopo. Ngati muli bedi, kunsi kwace kulowe bokosi la zobvala. Koma bokosilo likhale pa njerwa, losakhudza dothi, ndipo likokedwe posesa. Ana ogona pamodzi agawane zikhomo, kuti yense adziwe pace. Potero ndeu za m'mawa zicepa.

Komabe kupacika kuli ndi malire. Udzudzu ukonda kupuma usana m'malo amdima, monga kuseri kwa zobvala zolendewera. Cifukwa cace pa cikhomo pakhale zobvala za tsiku ndi tsiku zokha, zina zipindidwe m'bokosi. M'caka ca 1897, ku India, sing'anga dzina lace Ronald Ross anapeza kacirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu. Ndipo udzudzu wofalitsa malungo uluma makamaka usiku. Tsono neti isasowe malo, cingakhale cipinda cicepe cotani. M'mawa ikwezedwe kudenga, madzulo itsitsidwe, ndi mphepete zace zilowe kunsi kwa mphasa.

Nchito yacitatu ndiyo kucotsa zosayenera kukhalamo. Matumba a cimanga aitana makoswe, ndi nkhuku zidza ndi utitiri. Feteleza ndi mankhwala ophera tizirombo zisasungidwe pogona ana. Coopsa koposa ndico mbaula ya makala. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye ena amailowetsa m'cipinda, natseka ponse. Koma makala oyaka aturutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndi wopanda pfungo, ndipo m'kacipinda kotseka munthu akhoza kufa ali m'tulo. Zenera nalonso lisatsekedwe ndi katundu, pakuti cifuwa cacikuru cifala mu mpweya, makamaka pamene anthu apanikizana mopanda mphepo.

Nchito zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Nsungwi, zikhomo ndi cingwe zipezeka m'mudzi momwemo. Cofunika ndi manja osacita ulesi m'mawa uli wonse. Mwana wozolowera kubweza kanthu kali konse pamalo pace apeza buku lace msanga, afika kusukulu nthawi yabwino, nagona usiku m'cipinda coyera ndi ca mpweya wabwino.

MAFUNSO

1. Cipinda ca mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi cilowa mphasa zingati?
2. Cifukwa ninji bokosi liyenera kukhala pa njerwa?
3. Udzudzu upuma kuti usana?
4. Mbaula ya makala iopsa bwanji m'cipinda cotseka?